Magatala a zidutswa kapena opanda msoko: wamalonda asankhe ati mvula isanagwe?

Mwezi wa Okutobala ukafika, m'mashopu a hadiweya mumadzaza anthu ogula malata, misomali ndi mapepala apulasitiki ofolerera. Aliyense amafuna kuti mvula yoyamba imupeze denga lili bwino. Koma ambiri akakhoma lata lomaliza amati ntchito yatha, osaganizira komwe madzi otsika padengalo azikagwera.

Madziwo amagwera m'tsinde mwa khoma. Amakumba kangalande m'mbali mwa maziko, amawazira matope kukhoma, ndipo chinyontho chimalowa m'njerwa pang'onopang'ono. Mwini golosale amadzazindikira mu Januwale akapeza matumba a ufa, shuga ndi mchere omwe anatsamira khoma atanyowa. Wogulitsa simenti amapeza matumba atauma gwa ngati miyala, pomwe wa kaunjika amatsegula belo n'kumva fungo la nkhungu. Kasitomala nayenso safuna kuima pakhonde pomwe madzi akumuthira kumsana. Amangodutsa n'kukagula kwa mnzake wapafupi.

Chothandiza pavutoli ndi gatala, ngalande ija imakhomedwa m'mphepete mwa denga kuti izilandira madzi n'kuwapereka ku paipi yotsitsira pansi. Magatala alipo a mitundu iwiri ikuluikulu: a zidutswa zolumikiza ndi opanda msoko. Wamalonda amene akudziwa kusiyana kwake sangalipire chinthu chomwe sakufunikira, komanso sangapusitsidwe ndi chotchipa chomwe chidzadontha chaka chomwecho.

Madzi a padenga ndi ochuluka bwanji?

Masamu ake ndi osavuta. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, imapereka lita imodzi ya madzi. Poyeza denga, munthu amayeza malo omwe dengalo laphimba pansi, osati kutsetsereka kwa malata.

Golosale ya mamita 6 m'litali ndi mamita 4 m'lifupi ili ndi denga la masikweya mita 24. Mvula ya mamilimita 20 ikagwa masana amodzi, dengalo limatsitsa malita 480, omwe ndi zidebe 24 za malita 20. Madera ngati Lilongwe amalandira mvula ya mamilimita pafupifupi 800 kapena kupitirirapo pang'ono pachaka, ndipo yambiri imagwa pakati pa Novembala ndi Epulo. Pa denga laling'ono lomweli, amenewo ndi malita 19,200. Ngakhale gawo limodzi mwa magawo asanu litatayika, malita oposa 15,000 amatsala. Ku Mulanje ndi ku Nkhata Bay, komwe mvula imagwa yochuluka kuposa apa, madziwo amaposa pamenepa.

Madzi onsewa amatsata njira imodzi mwa ziwiri: kufukula maziko a shopu kapena kulowa m'diramu. Kwa mayi wa malo odyera, wometa tsitsi, wotsuka magalimoto kapena woumba njerwa, amene amagula madzi pa kiyosiki tsiku ndi tsiku, chidebe chilichonse chotungidwa padenga ndi ndalama yomwe yatsala m'thumba.

Magatala a zidutswa

Awa ndi omwe anthu ambiri amawadziwa. Amagulidwa m'zidutswa ndipo mmisiri amazilumikiza pakhoma pomwepo. Alipo a malata ndi a pulasitiki ya PVC.

A malata amapangidwa kwambiri ndi amisiri okhoma ndowa ndi mbaula m'misika. Amadula lata lafulati, n'kulipinda. Popeza lata lafulati nthawi zambiri limabwera la mamita 1.8 kapena 2.4 m'litali, zidutswa zake sizipitirira pamenepo. Polumikiza, chidutswa china chimalowa mwa chinzake, kenako amamanga ndi maliveti n'kumata ndi silikoni kapena kuwotcherera. Chofunika kufunsa apa ndi geji ya latalo. Nambala ya geji ikakhala yaing'ono, ndiye kuti lata ndi lochindikala: geji 26 ndi yolimba kuposa 28, ndipo 28 ndi yolimba kuposa 30 kapena 32. Gatala la lata lopyapyala limapindika likalemedwa ndipo dzimbiri limaliboola msanga, makamaka m'misoko ndi m'malo momwe madzi amadikha.

A PVC amachokera kufakitale ndipo amabwera a mamita 3, 4 kapena 6 malinga ndi kampani yake. Ali ndi zolumikizira, zotsekera kumapeto, makona ndi mabulaketi akeake. Sachita dzimbiri, ndi opepuka, ndipo munthu wodziwa kugwira sowo ndi sikuludilaiva atha kuwaika yekha. Mdani wawo ndi dzuwa. PVC yotsika mtengo imauma n'kuyamba kuthetheka pakapita zaka, ndipo makwerero akatsamira pamenepo imasweka. Komanso PVC imatanuka kukatentha n'kubwerera kukazizira. Chidutswa cha mamita 4 chimatha kusintha utali ndi mamilimita pafupifupi 8 kutentha kukasintha ndi madigiri 30. N'chifukwa chake zolumikizira zambiri zili ndi mphira mkati komanso kamzere kosonyeza pomwe gatala liyenera kulekezera. Mmisiri akalikankhira mpaka kumapeto, gatala limasowa potanukira ndipo limapindika mu Okutobala.

Ubwino wa magatala a zidutswa ndi woti ndi otchipa pogula, amanyamulika mosavuta, ndipo chidutswa chimodzi chikawonongeka chimasinthidwa chokha. Kuipa kwake kuli m'misoko. Msoko uliwonse ndi malo omwe tsiku lina adzadontha, ndipo m'pamene masamba ndi matope amakodwa.

Magatala opanda msoko

Awa sagulidwa m'shopu ngati malata. Mmisiri amabwera ndi makina pagalimoto kapena pangolo yokokedwa, pamodzi ndi mpukutu wa aluminiyamu wopentedwa kale kufakitale. Amayeza khoma, amalowetsa mpukutuwo m'makina, ndipo mbali inayo kumatuluka gatala lopindidwa kale, lalitali mofanana ndi khomalo. Khoma likakhala la mamita 15, gatala limatuluka limodzi la mamita 15.

Njira imeneyi ndi yofala kwambiri ku America ndi ku South Africa. Ambiri omwe anagwirapo maganyu a zomangamanga ku Johannesburg kapena ku Cape Town anawaonapo makinawa. Kukula kwa magatala amenewa nthawi zambiri kumakhala mamilimita 125 pa nyumba wamba ndi 150 pa madenga akuluakulu, pomwe kuchindikala kwa aluminiyamuyo kumakhala pakati pa mamilimita 0.6 ndi 0.8.

Dzina loti opanda msoko lisapusitse munthu. Misoko ilipobe m'makona, kumapeto komanso potulukira madzi. Chomwe chachoka ndi misoko ya pakati pa khoma lowongoka. Nyumba yokhala ndi makona ambiri imakhalabe ndi misoko yambiri ngakhale itaikidwa gatala lamtunduwu.

Aluminiyamu sachita dzimbiri lofiira ngati lata, ndi wopepuka, ndipo akaikidwa bwino amakhala zaka zambiri osafuna kumatidwa. Koma mtengo wake ndi wokwera, chifukwa wogula amalipira mpukutu wochokera kunja, makina, mmisiri ndi mafuta a galimoto yobweretsa makinawo. Amene ali kutali ndi komwe kuli makina amalipira ulendo wonsewo, ngakhale ntchito yake ikhale ya mamita ochepa. Nthambi ikagwera pakati n'kulipinda, nthawi zambiri pamafunika kusintha mzere wonse kapena kuikapo chigamba, chomwenso ndi msoko. Palinso nkhani ya akuba. Aluminiyamu amagulidwa ndi a zitsulo zakutha komanso osungunula miphika, choncho gatala lotere pa shopu yotsika, yopanda mlonda, limakopa maso.

Mafunso anayi munthu asanatulutse ndalama

Funso loyamba: khoma ndi lalitali bwanji? Pa khoma la mamita 12, zidutswa za mamita 2.4 zimafunika zisanu ndi kachidutswa kena kowonjezera, chifukwa polowetsana pamadya utali, ndipo misoko imakhala isanu. PVC ya mamita 4 imapereka misoko iwiri, ya mamita 6 msoko umodzi, pomwe gatala lamakina silikhala ndi msoko pakati. Koma okala kapena benchi ya mamita atatu imangofuna chidutswa chimodzi cha PVC, ndipo chidutswa chimodzi chilibe msoko kale. Mwini malo ang'onoang'ono otere akaitana makina, walipira mankhwala a matenda omwe alibe.

Funso lachiwiri: malowo ndi a yani? Ogulitsa ambiri amachita lendi kapena ali pamalo a khonsolo pomwe atha kusamutsidwa. Gatala la zidutswa limamasulidwa n'kukaikidwa kwina. Lopanda msoko linadulidwa molingana ndi khoma limenelo, ndipo kulinyamula lathunthu n'kovuta. Wochita lendi ayambe wakambirana ndi alandilodi ngati ndalama ya gatala idzachotsedwe pa lendi, ndipo zomwe agwirizana zilembedwe.

Funso lachitatu: pansi pa gatala pali chiyani? Ngati ndi nyumba yosungiramo chimanga, fetereza, simenti kapena nsalu, msoko umodzi wodontha pamwamba pa chitseko utha kuwononga katundu woposa mtengo wa gatala lonse. Pa nyumba zazitali ngati malo ogona alendo, chigayo, holo kapena mzere wa mashopu, komwe makoma ndi aatali ndipo kukwera kukamata n'kovuta, gatala lopanda msoko limabweza ndalama yake.

Funso lachinayi: likawonongeka adzakonza ndani? Wokhoma ndowa amapezeka pafupifupi pamsika uliwonse. Zipangizo za PVC zimapezeka m'mahadiweya a m'tauni ndi m'maboma ena. Makina a gatala lopanda msoko sapezeka paliponse. Chinthu chomwe wokonza wake ali kutali chimakhala chowonongeka dzinja lonse.

Kuwerengera mtengo weniweni

Cholakwika chofala ndi kufunsa mtengo wa gatala lokha. Pa magatala a zidutswa, ndalama yambiri imabisala m'tizipangizo: mabulaketi, zolumikizira, zotsekera kumapeto, potulukira madzi, mapaipi otsitsira, mabendi, zomangira paipi kukhoma, masikuluwu ndi silikoni. Pamwamba pa izi pali thiransipoti ndi malipiro a mmisiri. Ngati nyumbayo ilibe thabwa lam'mphepete mwa denga lomwe amisiri amati feshabodi, kapena ngati linafumbwa ndi chiswe, nalonso lilowe m'masamu. Zonsezi ziphatikizidwe, kenako zigawidwe ndi mamita a gatala kuti papezeke mtengo wa mita imodzi. Mtengo umenewo ndi womwe ungayerekezedwe ndi wa gatala lamakina, lomwe eni ake amatchula pa mita kuphatikizapo kuika.

Kenako mtengowo ugawidwe ndi zaka zomwe gatala lingakhale. Nachi chitsanzo cha manambala ongoyerekezera, osati mitengo ya pamsika. Gatala la K120,000 lomwe lingakhale zaka 6 likudya K20,000 pachaka. La K300,000 lomwe lingakhale zaka 20 likudya K15,000 pachaka. Pamenepa lodula ndiye lotchipa. Koma ngati mwini wake adzachoke pamalopo pakatha zaka zitatu n'kulisiya, lodulalo lamudyera K100,000 pachaka. Ndiponso K180,000 yosiyanayo ndi mpamba womwe ukanazungulira kangapo m'nyengo ya Khirisimasi. Wamalonda wamng'ono ayenera kuyeza zonse ziwiri: kukhalitsa kwa chinthu ndi ntchito yomwe ndalamayo ikanagwira pa geni.

Popeza PVC, aluminiyamu ndi malata zimadalira zipangizo zochokera kunja, mitengo yake imayenda ndi dola. Ndalama ya kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya katundu wochokera kunja inakwera m'masiku ochepa. Choncho koteshoni iliyonse ikhale yolembedwa, yokhala ndi tsiku, yonena masiku omwe mtengowo ugwire ntchito, komanso geji kapena kuchindikala kwa chitsulo. Kufunsa malo atatu musanagule si umbombo, ndi malonda.

Kaikidwe kamaposa mtundu

Gatala lodula loikidwa molakwika limagonja kwa lotchipa loikidwa bwino. Paja akuluakulu amati madzi saiwala khwawa: amapita kotsika basi, kaya mwini nyumba akufuna kapena ayi.

Choyamba ndi kutsetsereka. Gatala lipendekere ku paipi yotsitsira ndi mamilimita osachepera 6 pa mamita atatu aliwonse. Okolola madzi ambiri amapereka sentimita imodzi pa mita iliyonse kuti madzi azithamanga ndi kukokolola zinyalala. Mmisiri amange chingwe kuchokera kumtunda kufika kumunsi asanakhome bulaketi ngakhale imodzi. Pomwe madzi akudikha pamachita dzimbiri, ndipo udzudzu umatha kuswana m'madzi otere pa sabata imodzi kapena iwiri yokha.

Chachiwiri ndi mabulaketi. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndipo gatala la mamilimita 125 likadzaza limanyamula makilogalamu pafupifupi 6 pa mita iliyonse, osawerengera matope. Mabulaketi asatalikirane kupitirira mita imodzi, ndipo pafupi ndi msoko uliwonse pakhale bulaketi. Mmisiri wofuna kupulumutsa mabulaketi awiri amasiya gatala lomwe lidzagwa mphuno mu Febuluwale.

Chachitatu ndi mapaipi otsitsira. Mvula yamkuntho ya mamilimita 50 pa ola imodzi, ikagwa pa denga la masikweya mita 60, imatsitsa malita 50 pa mphindi iliyonse. Paipi imodzi yopyapyala singathe kumeza madzi otere, ndipo gatala limasefukira. Amisiri ambiri amaika paipi imodzi pa mamita 10 kapena 12 aliwonse a gatala. Kumunsi, madzi alowe m'diramu, m'thanki kapena m'ngalande yopita kutali ndi maziko. Kuwatsitsira m'tsinde mwa khoma n'kusonkhanitsa vuto lonse pamalo amodzi, ndipo kuwalozetsa pakhomo pa mnzako n'kuitana mlandu kwa atcheya a msika.

Chachinayi ndi malekezero a malata. Malata alowe pang'ono m'gatala, osafika pakati. Akalowa kwambiri, madzi amadumpha gatalalo mvula ikakula, ndipo akalekeza patali, madzi amatsikira kumbuyo n'kuwoletsa feshabodi. Pa zidutswa za malata, cham'mwamba chilowe mkati mwa cham'munsi motsata komwe madzi akupita.

Ntchito ikatha, mwini wake asalipire ndalama yomaliza asanaone mmisiri akuthira zidebe ziwiri za madzi kumtunda kwa gatala. Madzi onse atuluke ku paipi, osatsala penapake, osadontha m'misoko.

Amene akufuna madziwo akhale akumwa kapena ophikira aonetsetse kuti misoko sinawotchereredwe ndi mtovu, chifukwa mtovu ndi poizoni. Madzi a mvula yoyamba, komanso oyambirira a mvula iliyonse yobwera patapita masiku, atayidwe chifukwa amatsuka fumbi ndi zitosi za mbalame. Diramu likhale lovindikira, ndipo madzi akumwa awiritsidwe kapena athiridwe kolorini.

Gatala lililonse, kaya la zidutswa kaya lopanda msoko, limafuna kusesedwa mu Okutobala mvula isanayambe komanso kamodzi pakati pa dzinja, makamaka pomwe pali mitengo ya mango kapena bulugamu pafupi. Ndipo pasakhale wonamizidwa kuti gatala limateteza ku chilichonse. Mvula yonga ya namondwe wa Freddy, yemwe anasakaza Blantyre ndi maboma ena a m'chigawo cha kummwera mu Marichi 2023, siimitsidwa ndi gatala. Ntchito ya gatala ndi mvula ya masiku onse, yomwe imadya khoma mwakachetechete chaka ndi chaka.

Kwa ogulitsa ndi amisiri

Kwa mwini hadiweya yaing'ono, magatala a zidutswa ndi malonda a nyengo. Oda ipite mu Ogasiti kapena Seputembala, chifukwa ogula amachuluka mvula ikayandikira ndiponso ikangoyamba kumene. Zipangizo za makampani osiyana nthawi zambiri sizilowana, choncho ndi bwino kusunga mtundu umodzi wokhala ndi tizipangizo take tonse kusiyana ndi mitundu itatu yoperewera. Kasitomala amene wapeza gatala koma wasowa zotsekera kumapeto amakagula zonse kwina. Phindu lambiri limakhala m'tizipangizo tating'onoting'onoti, ndipo wogulitsa wodziwa kuwerengera kasitomala mabulaketi ndi zolumikizira papepala amagulitsa seti yonse nthawi imodzi.

PVC isungidwe pamthunzi, yogonekedwa pamalo osalala. Ikaimikidwa padzuwa panja pa shopu kwa miyezi, imapindika ndi kusuluka isanagulidwe. Pa utali, wogulitsa aganizire mayendedwe a makasitomala ake: chidutswa cha mamita 3 chimakwera pa matola kapena pangolo, pomwe cha mamita 6 chimafuna lole.

Wokhoma ndowa naye ali ndi mwayi. Amatha kupanga gatala la kukula kulikonse komwe kasitomala akufuna, chinthu chomwe PVC singachite. Akamanena zoona za geji yomwe wagwiritsa ntchito, n'kupereka mitengo iwiri, wa lata lochindikala ndi wa lopyapyala, kasitomala amasankha akudziwa ndipo sabwera kudzakalipa. Kupaka penti yoteteza dzimbiri mkati mwa gatala ndi kukaliika yekha kumawonjezera ndalama pa ntchito yomweyo.

Chidule cha nkhaniyi n'choti mwini okala, benchi kapena shopu ya lendi, komanso aliyense amene khoma lake ndi lalifupi, apindula ndi gatala la zidutswa, la geji yabwino kapena la PVC yolimba, lokhala ndi misoko yochepa momwe zingathekere. Mwini nyumba yakeyake, yaitali, yosunga katundu woopa madzi, amene ali pafupi ndi komwe kuli makina ndipo mpamba wake sugwedezeka, ndiye woyenera kuganizira gatala lopanda msoko. Onse awiri ayeze khoma, afunse mitengo ndi kuitana mmisiri kukadali kouma, chifukwa mvula ikayamba amisiri amakhala otanganidwa ndipo mitengo siidikira munthu.